Dzira limene ndinkalitembenuza

Amuna a anzanga akakhala pa ofu amapita kukaonera mpira. Wanga anakwera sitima mpaka ku Romford n'kubwerako ndi bokosi lagalasi, m'kati muli analimata awiri amawangamawanga ngati kambuku, michira yonenepa ngati chinangwa. Kwathu nalimata akagwa kudenga umakuwa, wina n'kubwera ndi tsache. Kuno ku Woolwich nalimata ali ndi nyumba yake, hita yake, ndipo amadya nkhululu zogula m'shopu, nkhululu zomwezi tinkakumba ife n'kukazinga ndi kamchere. Ine pabalaza ndinkadutsa chammbali, nkhope kukhoma. Amayi a kutchalitchi akabwera ndinkavundikira galasilo ndi chitenje n'kuikapo maluwa apulasitiki, chifukwa nkhani itafika kumudzi kuti tikuweta abuluzi ku Ulaya, ndani angavomere kuti si zizimba?

Koma mwana wanga wamkazi, wa zaka zinayi, anawakonda. Mwanayu sankayankhula kwenikweni, moti aphunzitsi ake anandifunsapo ngati kunyumba amatsegula pakamwa, ine n'kuopa kuti andilembera kalata ya mlandu. Koma akakhala pagalasi paja ankalongolola Chingerezi chake osapuma. Nalimata wamkazi ataikira mazira awiri, iye anati ndi ana ake, ndipo anakalengeza kusukulu kuti akubwera awiri. Aphunzitsi mpaka anandiyang'ana pamimba.

Bambo ake anatola mazirawo, tinthu toyera totalika ngati nsonga ya chala, kuwaika m'kakontena ka dothi lonyowa, kulemba kamtanda ndi pensulo pamwamba pa lililonse, n'kuwalowetsa m'kabokosi kotenthetsa konga firiji yaing'ono. Patangotha sabata kuntchito anawaitana kukasamala nkhalamba ina, ntchito yogonera komweko milungu iwiri.

"Mayi, muzingoona nambala ya kutenthayi isatsike, dothi lisaume. Basi."

"Osagwira?"

"Inuyo kugwira? Ndi mantha anu aja?" Anaseka mpaka pa masitepe.

Kusekako n'kumene kunandilowa. Ine sukulu ndinalekeza sitandade seveni, inde, koma mazira ndimawadziwa. Ndili mtsikana ndinagwirapo ganyu kwa bambo wina woweta nkhuku ku Lunzu, ndipo mazira a m'makina tinkawalemba chizindikiro kuti tidziwe mbali yomwe tatembenuza. Dzira losatembenuza limasukusa, ngakhale thadzi lopanda sukulu limadziwa zimenezo. Ndiye ndinaona timitanda tija n'kunena mumtima, bambowa alemba chizindikiro koma aiwala kunena, ana a mwana wanga afera m'manja mwa ine.

M'mawa uliwonse ndikamusiya kusukulu ndinkathamangira kunyumba, kutenga supuni ya tiyi, kupemphera pang'ono, kutsegula kabokosi n'kutembenuza dzira limodzi. Dziralo silinali ngati la nkhuku ayi, linali lofewa, lonyendera ngati khungu, ndipo ndinkaligubuduza nditayang'ana kumbali. Linalo linali pakona, supuni sinkalowa, pankafunika chala. Chala changa! Ndinkati mawa. Mawa likafika ndinkatembenuza lomwe lija, kutseka msanga, kukasamba m'manja ndi sopo kawiri. Milungu iwiri yonse ndinkadziimba mlandu chifukwa cha la pakonalo, kuti ndikulipha ndi mantha anga.

Bambo ake anafika masana, mwana ali kusukulu. Asanavule n'komwe jekete anatsegula kabokosi.

"Mtanda wa ili uli kuti?"

"Uli pansi. Lero ndi tsiku la pansi."

Anakhala pampando pang'onopang'ono ngati nkhalamba yawo ija.

"Mayi, mwatani?"

"Ndathandiza. Linalo mundikhululukire, ndalephera."

Sanakalipe. Anatseka makatani, kuyatsa tochi ya foni n'kuiyandikitsa ku la pakona. Linawala mofiirira, timitsempha tili yangayanga. Anayandikitsa ku langa lija. Linali lachikasu, lopanda kanthu kooneka, mbali ina litayamba kufota. Anati mwana wa nalimata amamatirira pamwamba pa dzira, ukalitembenuza amamira m'madzi ake omwe, ndipo kamtandako n'konena kuti mbali iyi isachoke kumwamba.

"Nanga bwanji simunanene?"

"Munthu wothawa chithunzi cha buluzi pa foni, ndimuuze kuti asagubuduze mazira ake?"

"Ndiye olakwa ndi inu."

"Eya. Ine ndi nkhuku za ku Lunzu."

Anati timuuze mwana kuti dziralo linali lopanda kanthu chiyambire, zimachitika. Ndinavomera. Koma popita kukamutenga, pa mageti a sukulu, anatuluka akuthamanga ataimika zala ziwiri m'mwamba monga ankachitira tsiku lililonse, ndipo ine bodza lija ndinalephera kulinena. Ndinaopanso kuti ndikanena zoona atseka pakamwa paja mpaka kalekale, ine n'kukhala ndapha dzira ndi mawu ake omwe. Pofika pa siteji ya basi ndinagwada, anthu akutiyang'ana, ndinati mwanawe, latsala limodzi, linalo ndaliwononga ndine, ndimayesa ndi la nkhuku.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. M'basi yonse zii. Pa masitepe zii. Titalowa anapita pakabokosi, kuima patsogolo pake ngati mlonda, kenako anayamba. Anandizazira m'Chingerezi, mawu ambirimbiri ena sindinawamve n'komwe, za nkhuku, za supuni, za anthu ogwira zinthu za eni osapempha. Ine misozi ili chuchuchu, koma ndikuwerenga mumtima, aka n'koyamba kundiyankhula motalika chotere. Bambo ake anathawira kubafa kukaseka.

Panadutsa milungu ina isanu. Loweruka lina masana, bambo ake ali ku shifiti, mwana anakuwa. Dzira la pakona linali litang'ambika, kamphuno katatulukira, kenako kamutu, kathupi ka mizere yakuda ndi yachikasu konyowa ngati kagwa mumsuzi. Kanatsegula kukamwa n'kulira kuti tswii, ine ndinalumpha mpaka pakhomo. Koma kamchira kanali kadakali m'chikhungwa, ndipo mapazi anga anabwerera okha, dzanja likupita kale kukathandiza.

"Mami," anatero mwana, osacheuka n'komwe, ndipo anachinena m'Chichewa chake chopindikacho, "manja kumbuyo."

Ndinaika manja kumbuyo. Tinaima choncho awiriwiri mpaka kamchira kanatuluka kokha.