Tinkati ndi Fumbi la Njerwa

Akazi anga, Felesiya, anayamba kutsokomola Lachiwiri, sabata yachiwiri ya Juni, patangopita masiku atatu chigwetsereni khoma la m'kati mwa nyumba yathu. Tsikuli ndikulidziwa chifukwa ndinalilemba. Ndinaphunzitsa ku pulayimale zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo chizolowezi cholemba ndi kusunga mapepala sichinandichoke. Ndinali ndi kope la ntchito ya nyumba, momwe madzulo aliwonse ndinkalemba zimene amisiri agwira. M'mphepete mwa tsamba la tsikulo muli mawu anayi olembedwa ndi dzanja langa: "Mayi akutsokomola. Ndi fumbi."

Ndifotokoze kaye mmene tinafikira pogwetsa khoma. Mwana wathu Lusiya, amene amagwira ntchito ku Zomba, anatibweretsera TV ndi sola pa Khirisimasi. Timakhala kufupi ndi doko la Kachulu, mbali imene magetsi sanafike. Felesiya analibe nazo ntchito za mpira kapena nkhani. Chimene chinawakoka mtima ndi pulogalamu ina yakunja ya Lamlungu masana, yokonzanso nyumba zakale. Chizungu sankachimva, ndiye ine ndinkawamasulira. Banja limaonetsa nyumba yake, amisiri amabwera ndi nyundo zikuluzikulu, amagwetsa khoma uku akuseka, kenako pamabwera zotsatsa malonda. Zotsatsazo zikatha, nyumba yasanduka ina. Eni ake amalowa atatseka m'maso, potsegula amagwetsa misozi yachimwemwe. Ndinkayang'ana wotchi. Zonsezi zinkatha m'mphindi makumi anayi ndi zisanu.

Lamlungu lina Felesiya anati, "Bambo a Lusiya, zaka zonsezi amayi a mvano akabwera kuno, ena amatsala pakhonde ngati ali pamzere wa kusikelo. Khoma ili litachoka tikhoza kumakwana tonse."

Pa zaka makumi anayi ndi zitatu za banja lathu anali asanandipemphepo chinthu chachikulu. Ndinavomera.

Titakolola mpunga ndinaitana Che Saidi, mmisiri wodziwika ku Kachulu. Anagogoda khomalo ndi chala, n'kuyang'ana kudenga nthawi yaitali.

"Aphunzitsi, khoma ili lasenza mtanda wa denga. Njerwa zam'munsizi mchere wadya, onani zikunyenyeka ngati chigumu. Ntchitoyi si yaing'ono."

Ndinawauza kuti ndakhala ndikuonera ntchito yotereyi Lamlungu lililonse kwa miyezi isanu, ndipo siipitirira sabata.

"Ndiye mukanaitana a pa TV omwewo," anatero akuseka. Koma anabwera ndi anthu awo awiri.

Khoma litagwa, denga linatsika pakati. Analichirikiza ndi mitengo ya bulugama, n'kuchotsa malata a mbali imodzi kuti aumbe mtanda wa simenti. Atakumba m'munsi mwa makoma akunja anapeza kuti dothi lamchere la kuno kunyanja lawadya mozungulira nyumba yonse. Aliyense amene anamangapo m'mbali mwa nyanja ya Chilwa amazidziwa zimenezi. Ine ndinkazidziwanso, koma ndinali nditaziika pambali. Sabata imodzi ija inasanduka miyezi isanu.

Ife tinasamukira m'khitchini yakunja, kanyumba kopanda windo. Inali nyengo yozizira, mphepo yochokera kunyanja ikulowa mpaka m'mafupa. Tinatseka mipata yonse ndi matumba, moto tinkausiya uli mkati. Mmenemo ndi momwe tinkagona awirife kuyambira Juni mpaka Okutobala.

Mu Julayi chifuwa sichinaleke. Anayamba kutuluka thukuta pogona, moti m'mawa chitenje chinkakhala chonyowa ngakhale kunja kukuzizira. Chakudya ankangolawa. Ndinagula mankhwala a chifuwa kugolosale, mabotolo atatu motsatizana, ndipo mapepala ake ndili nawo. Tinayesa mandimu ndi uchi, tinayesa kufukiza masamba a bulugama. M'kope ndinalemba: "Chifuwa chikupitirira. Fumbi ndi utsi."

Sabata yachitatu ya Ogasiti anandionetsa kansalu komwe analavulirapo. Panali zofiira. Sabata imeneyo amisiri ankadula njerwa zootcha, ndipo pakhomo ponse panali pofiira, mbale, nkhuku, ngakhale madzi a m'ndowa. Ndinayang'ana kansaluko n'kuwauza kuti ndi fumbi la njerwa. Ine ndemwe, munthu amene kwa zaka zambiri ndinkalembetsa ana a sitandade sikisi zizindikiro za chifuwa chachikulu pa bolodi, ndi kuwalakwitsa akaiwala chimodzi.

Che Saidi ananditengera pambali. "Aphunzitsi, chifuwa cha mayiwa sichikundisangalatsa. Ife fumbi timadya tsiku ndi tsiku, koma sititsokomola chonchi."

Ndinawayankha kuti ayang'ane levulo yawo yoyezera khoma, za m'banja mwanga azisiye. Mawu amenewa sindinawalembe m'kope, koma sandichoka m'mutu.

Felesiya nawonso sankafuna kumva za chipatala. Ankati, "Timalize kaye. Akakandigoneka kumeneko, amisiriwa aziwaphikira ndani? Inu phala lokha limakupsererani." Lusiya akaimba foni tinkamuuza kuti ndi chimfine. Tinkafuna kuti adzaone nyumba itatha, monga zimakhalira pa TV, adzalowe n'kudabwa.

Lolemba, sabata yachitatu ya Okutobala, Felesiya anagwa akuchokera kumjigo ndi madzi othirira simenti. Sanathe kudzuka okha. Tinawakweza pa njinga yamoto, ine nditawagwira kumbuyo, mpaka kuchipatala chaching'ono cha m'dera lathu. Tinafika cha m'ma naini, tinakhala pabenchi mpaka dzuwa litafika paliwombo. Atawakweza pasikelo, namwino anayang'ana m'buku lawo lachipatala. Chaka chapitacho ankalemera makilo makumi asanu ndi asanu ndi limodzi. Tsiku limenelo anali makumi atatu ndi asanu ndi anayi.

Dokotala anali munthu wofatsa, wamsinkhu wa ana amene ndinawaphunzitsa. Anafunsa kuti chifuwacho chinayamba liti. Ndinatulutsa kope langa n'kumuwerengera tsiku lenileni, kenako tsiku limene thukuta linayamba, kenako tsiku la magazi. Anawerenga masabata pa zala, n'kuika cholembera pansi.

"Masabata khumi, asanu ndi atatu. Bambo, zonsezi munalemba, koma osabwera nawo?"

Sanakalipe. Anangofunsa.

Anawapatsa kabotolo kolavuliramo makhololo. M'mawa mwake zotsatira zinatuluka: chifuwa chachikulu, chimene ambiri timangoti TB. Anawayezanso magazi monga amachitira ndi aliyense, sanapeze china. Chifukwa cha kupuma movutika anatilembera kalata yotitumiza kuchipatala chachikulu kutawuni, ndipo tinanyamuka pa ambulansi madzulo a tsiku lomwelo.

Kumeneko Lusiya ndiye anakhala gadiyani, popeza ku wodi ya amayi mwamuna sagonako. Pamene anawaona amayi ake akutsitsidwa mu ambulansi sanandiyankhule. Anangondiyang'ana. Ine ndinkagona kunyumba kwake, n'kumabwera pa nthawi yoonera odwala: m'mamawa, masana ndi madzulo. Nthawi yotsalayo ndinkakhala pansi pa mtengo kunja kwa geti pamodzi ndi amuna ena, aliyense ndi kabasiketi kake. Masiku a kuchipatala amafanana. M'mawa anamwino amagawa mankhwala, kenako madokotala amayendera odwala bedi ndi bedi, kenako kudikira. Felesiya anawaika pa makina a mpweya. Atawajambula m'chifuwa, dokotala anandionetsa chithunzicho pawindo. Mapapo onse awiri anali ndi mabanga oyera.

"Matendawa mankhwala ake alipo ndipo amachiza," anatero. "Koma thupi lawo lafooka kwambiri. Tiyesetsa."

Tsiku lachitatu namwino wina anandifunsa kuti ankagona nawo chipinda chimodzi ndani, ndiponso ngati chipindacho chinali ndi windo. Nditafotokoza za khitchini ija, anandipatsa kabotolo kanga. Ine ndinali nditayamba kutsokomola mu Seputembala, ndipo chifuwa changacho ndinachilembanso kuti ndi fumbi. Anandipeza nayo TB. Ndinayamba mankhwala Loweruka la sabata yomweyo.

Nditawauza Felesiya, anachotsa kachigoba ka mpweya kukamwa n'kunena motsitsa, "Inunso? Ndiye kuti ngakhale mankhwala tizidyera mbale imodzi." Anafuna kuseka koma chifuwa chinawatsekereza. Tsiku lina anandifunsa ngati malata anabwezeretsedwa. Ndinati inde. Sizinali zoona. M'moyo wanga wonse ndakhala ndikukangana ndi anthu chifukwa cha tsiku limodzi lolembedwa molakwika pa kalata, koma tsiku limenelo ndinanama, ndipo sindikupepesa.

Anamwalira pa tsiku lakhumi ndi chimodzi, Lachisanu m'mamawa, ine ndili pageti kudikira kuti mlonda atsegule. Ndinali ndi fulasiki ya tiyi m'manja.

Uthenga utafika kumudzi, Che Saidi ndi anthu awo anakwera padenga popanda wowatuma, n'kukhoma malata onse tsiku limodzi. Thupi linagona m'chipinda chachikulu chija, pansi pasanathiridwe simenti, makoma opanda pulasitala. Amayi a mvano anakwanamo onse.

Za ine ndinene mwachidule. Mankhwala a TB ndi a miyezi isanu ndi umodzi, kumwa m'mawa uliwonse usanadye kanthu, osadumphitsa. Amakupatsa khadi la timabokosi, ndipo pamafunika munthu woona kuti wamezadi. Mng'ono wake wa Felesiya, mayi Agnesi, ndi amene ankabwera kudzachonga. Mkodzo unasanduka wofiirira monga namwino anandichenjezera. M'mawondo munkaphwanya, mapazi ankachita dzanzi, ndipo nditakanena anandiwonjezera kapiritsi kena. Masabata oyambirira panali masiku amene ndinkaona mapiritsiwo m'dzanja n'kumadzifunsa kuti ndikuchiriranji. Mayi Agnesi sankachoka pakhomo mpaka nditameza. Ankati, "Alamu, maliro awiri chaka chimodzi ife sitikwanitsa. Imwani." Patatha miyezi iwiri anayezanso makhololo, anapeza kuti tizilombo sitikuonekanso. Chifuwa chinaleka, chilakolako cha chakudya chinabwerera.

Mu Febuluwale ndinayatsanso TV ija Lamlungu masana, koyamba chichitikireni maliro. Ulendo uno ndinakhala ndi cholembera. Mayi woyendetsa pulogalamuyo anasintha zovala kasanu ndi kawiri. Mitengo ya panja pa nyumbayo inali ndi masamba poyamba, pomaliza inali itayoyoka yonse. Ndiye kuti panadutsa miyezi, koma palibe amene ananena. Banja la eni nyumba silinaoneke pamalopo kuyambira pamene nyundo inagunda khoma mpaka tsiku lomaliza. Ankagona kuti? Ankapuma mpweya wotani? Sanationetse. Fumbi linaoneka kamphindi kochepa, kenako munthu sanalionenso. Palibe anatsokomola, palibe mmisiri amene anati ntchitoyi ndi yaikulu kuposa mmene mukuganizira n'kukhala kuti akunena zoona mpaka mapeto. Ndinaonanso ina ya ogula nyumba, momwe banja limayendera nyumba zitatu n'kusankhapo imodzi ngati likusankha mlamba padoko. Ndinalemba kalata yamasamba anayi yowadandaulira, koma sindikudziwa koitumiza. Ili m'faelo pamodzi ndi buku lachipatala la Felesiya.

Mkwiyo ndili nawo, ndipo ndikuona kuti ndi woyenera. Munthu ukamaonetsa anthu chimwemwe cha tsiku lomaliza, uziwaonetsanso miyezi ya pakati. Komabe ndikhala wabodza ndikawasenzetsa zonse. TV sinaone kansalu kaja. Ndinakaona ndine.

Mu Meyi anandiyeza komaliza. Dokotala yemwe uja wa kuchipatala chaching'ono analemba pakhadi langa kuti ndachira, n'kundigwira chanza. Tsopano ndikulemera monga kale, ndimayenda wapansi mpaka kudoko osapuma panjira, ndipo khasu ndikugwira.

Kwathu kuno mwamuna amakhala kwawo kwa mkazi. Nyumba ija ndinaimanga pamalo a mbumba ya Felesiya, ndipo singagulitsidwe ngati za pa TV zija. Achimwene awo anandiuza pambuyo pa maliro kuti za kusudzula, kundimasula kuti ndibwerere kwathu, zidikire mpaka nditamaliza mankhwala. Anasunga mawu awo. Mwezi watha anandisudzula mwaulemu, n'kunenanso kuti ndikafuna kukhala palibe angandithamangitse. Ndawathokoza, koma ndikupita kwa mlongo wanga kwa Kuntumanji. Nyumbayo tsopano ndi ya Lusiya. Wayambiranso kundiimbira foni.

Ndalemba izi kuti ziwerengedwe kumpingo ndi kulikonse kumene zingafike. Chifuwa chikapitirira masabata awiri, pitani mukayezetse makhololo, kaya muli pakati pa kumanga, kukolola kapena kuyanika nsomba. Kuyezako n'kwaulere, mankhwalanso ndi aulere. Mukamatuluka thukuta pogona, mukamaonda, mukaona magazi ngakhale kadontho, musadziuze nokha kuti ndi fumbi kapena utsi. Ngati wina m'nyumba wapezeka nayo, nonse ogona naye kayezetseni, ndipo chipinda chizilowa mphepo. Munthu wina akakuuzani kuti chifuwa cha mnzanu sichikumusangalatsa, mumvereni, ngakhale atakhala kuti sanaphunzire kufika pamene munafika inu.

Ine ndi Felesiya tinadwala matenda amodzi, tinamwa mapiritsi amodzimodzi, m'chipatala chimodzi. Ine ndinawayamba patatha masabata asanu ndi limodzi ndikutsokomola. Iwo anawayamba patatha khumi, asanu ndi atatu.