A Kareem Akaona Likulu

A Kareem akhala akugulitsa misomali, simenti ndi malata pa Kandeu kuyambira ali mnyamata. Ankafuna kuti mwana wawo Zahra adzawalowe m'malo m'shopumo, koma iye anapitirira ndi sukulu mpaka anapeza ntchito imene bambo ake ankalephera kuifotokoza kumzikiti. Anzawo akafunsa, ankangoti, "Amalondera nyumba ya eni ake kuti isadye ndalama zambiri."

Nyumbayo inali likulu la bungwe lina la mayiko ambiri, ndipo inkamangidwa ku Lilongwe. Zahra ndiye ankaonetsetsa kuti omanga asapyole mtengo umene mayikowo anagwirizana.

Tsiku lina a Kareem atapita kukapikula katundu mumzindamo, mwana wawoyo anawatengera kumalowo. Pageti anawaveka chipewa cholimba pamwamba pa mzuli wawo. Atangolowa anaima chilili. Chimakina chachitali kuposa mtengo wa bulugamu chinkanyamula zitsulo ngati mapesi. Simenti imene iwo akanaigulitsa miyezi yambiri inkathera mumzati umodzi.

Mkulu wa omanga, bambo wa imvi, anabwera chothamanga.

"Mayi, zitsulo zija tiitanitse?"

"Dikirani kaye, ndione zimene zatsala kuseri," anatero Zahra.

Bamboyo anabwerera osatsutsa. A Kareem anayang'ana mwana wawo ngati akumuona koyamba.

Pakhoma lakumaso amisiri ankamata miyala yotuwa yonyezimira. A Kareem anaisisita ndi chikhatho.

"Miyala iyi ndikuidziwa ine."

"Ndi ya ku Biriwiri, ababa. Ojambula nyumbayi ankafuna yochokera kutsidya kwa nyanja. Titaona mtengo wake, komiti yonse inagwira pakamwa. Ndinawabweretsera yakwathu, anaiyesa, anaivomera."

"Yomwe ija timapunthwa nayo popita kogula mbatata?"

"Yomweyo."

Anakwera masitepe pang'onopang'ono, akupumira m'njira, mpaka pansanjika yomaliza imene inali isanafoleredwe. Mzinda wonse unali pansi pawo, magalimoto ngati nyerere. Mphepo inkakupiza mkanjo wawo. Nthawi ya swala ya masana inali itakwana, ndipo Zahra anawatungira madzi m'chigubu, nawayalira katoni pakonkire.

Atamaliza kupemphera, a Kareem anakhalabe pansi nthawi yaitali, misozi ili m'maso.

"Titsike, ababa, basi ikusiyani."

"Indisiye," anatero a Kareem. "Ndikwera ina."