Galimoto yankhondo yopanda chipani

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, chaka chimene dziko linkakonzekera chisankho choyamba cha zipani zambiri. Kwathu ndi kumapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, kumene msewu umathawa mvula ikayamba n'kudzabwerera nthawi yogulitsa fodya. Akuluakulu ankagona ndale, kudzuka ndale. Ine za chisankhozo sizinkandikhudza. Mtima wanga unali pa tebulo limodzi la kusukulu kwathu, ndipo ndinalumbira kuti ndidzaikapo chinthu changa.

Chaka chilichonse sukulu inkachita tsiku la zaluso, makolo n'kubwera kudzaona ntchito za manja athu. Atsikana tinkaika zoluka ndi tinsalu topeta m'kalasi lakumapeto, limene anthu ankangosuzumiramo podutsa. Tebulo lalitali lapakhonde, pamene khamu lonse linkaunjikana, linali la anyamata ndi magalimoto awo a mawaya. Nditauza aphunzitsi athu a Zimba kuti nanenso ndipanga galimoto, anangokweza mapewa. Koma Lameki, katswiri wa mawaya m'kalasi mwathu, anaseka mpaka kugwira m'mimba.

“Iwe Esinati ndi galimoto? Kaumbe mphika, mwina tingaphikiremo mbatata.”

Mawaya ndinalibe, koma dongo kudambo linali la aliyense. Ndinaganiza zoumba galimoto yankhondo, poti palibe mnyamata amene anapangapo yoteroyo, komanso pakhomo pathu panali munthu amene anaiyendetsapo. Ameneyu anali atsibweni anga a Lufeyo, mlongo wawo wa amayi. Anali atangopuma usilikali, atatha zaka ku Mozambique akuperekeza sitima zapamtunda m'nthawi ya nkhondo yakumeneko. Chibwerereni sankakamba za kumeneko. Ankasoka fodya m'chigafa, kudya, kugona, basi. Ndinkaganiza kuti munthu wosalankhula chonchi angondiuza mawu awiri n'kundisiya. Apa ndiye ndinadziputira mavu.

Ndinaumba yanga yoyamba n'kupita nayo kuchigafa monyadira. Anaiyang'ana kumaso, anaiyang'ana kumbuyo.

“Mphwanga, kamba ameneyu wamutola kuti?”

“Si kamba, atsibweni. Ndi galimoto yanu ija.”

“Ine sindinayendetsepo kamba.”

Anasiya singano ndi fodya, ananditengera pabwalo, natenga ndodo n'kuyamba kujambula pansi galimoto yonse mmene inkakulira. Anayeza ndi mapazi awo m'litali ndi m'lifupi, uku akung'ung'udza okha. Nkhuku zinathawa, amayi anaima pakhomo ndi lichero m'manja kudabwa. Kenako anandipatsa lamulo limene linandidyera masabata onse otsatira: phazi limodzi pansi apa, chala chimodzi padongo. Chala chake chinali changa chamkombaphala, ndipo anadula kabango kofanana nacho kuti ndisamanamizire.

Kuyambira tsiku limenelo mtendere unandithawa. Ndikaumba tayala, ankati lachepa, poti lenilenilo linkawafika m'chiuno. Ndikalikuza, ankati tsopano ndapanga la thirakitala. Mphuno ya galimoto inkayenera kupendekeka kuti chipolopolo chiziterereka. Kansanja kamfuti pamwamba sikanali pakati penipeni ayi, kanasendera kutsogolo pang'ono. Timazenera tinali ting'onoting'ono, toti munthu n'kungoonera ndi maso okha. Ndinaphwanya n'kuumbanso mpaka zala zinachita makwinya ngati za nkhalamba. Anzanga akusewera fulaye, ine ndili chogwada ndi kabango, kuyeza chitseko chimene ngakhale chiswe sichikanalowerapo.

“Atsibweni, ndani adzadziwe kuti chitsekochi chatalika ndi theka la chala?”

“Ine.”

Yankho lawo linali lomwelo nthawi zonse, ndipo linkandipsetsa mtima kuposa kukalipiridwa. Tsiku lina ndinadandaula kwa amayi kuti mlongo wawo andipha ndi miyezo. Amayi anangoti ndipirire, chifukwa chibwerereni munthuyo anali asanalankhulepo mawu ambiri chonchi. Ine ndinati ngati n'choncho, bola akanapitiriza kukhala chete.

Yadongo itatha, n'kuuma bwinobwino, ndinapuma poganiza kuti ntchito yatha. Atsibweni anati imeneyo ndi chiyambi chabe, chifukwa dongo limasweka ndipo galimoto yankhondo siisweka wamba. Anapita ku Mponela kwa mnzawo wa kuusilikali amene ankawongola magalimoto ochita ngozi, nabwerako ndi chitini cha utomoni umene amakanika amautcha rezini, ndi kabotolo kakang'ono ka mankhwala oumitsira. Utomoniwo unali wonanda ngati uchi, koma fungo lake linkalasa m'mphuno mpaka kutulutsa misozi. Anandiphunzitsa kudzoza galimoto yadongo ija mafuta, kuikutira ndi dongo lina laliwisi mbali ziwiri, n'kuitulutsa mosamala kuti patsale chikombole, monga amachitira oumba njerwa. M'chikombolemo ndi mmene tinkayenera kuthira utomoni.

Ulendo woyamba ndinathira mankhwala oumitsira mowolowa manja, poti ndinkafuna ziume msanga. Chikombole chinatentha, chinayamba kufuka, kenako ndinangomva kuti thee! Chang'ambika pakati. Amayi anatuluka akuthamanga, nkhawa yawo ili pa fodya wa m'chigafa.

“Achimwene, fodya wangayu akanunkha zimenezi, mukamugulitsa ndinu! Chokani nazoni pano, kapangireni kumunda!”

Tinasamukira pansi pa mtengo wa muwanga kuseri kwa khola. Ndinapanga chikombole china, ndipo ulendo uno ndinaumira mankhwala aja. Utomoni unakana kuuma. Unakhala masiku uli nete nete, ukukola nyerere, udzu, ndi nthenga za mwanapiye wina wachidwi amene tinachita kumumatula. Ndinakhala pansi n'kulira, osati ndi chisoni koma ndi ukali weniweni. Atsibweni anayembekeza kuti nditonthole, kenako anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mumtima ndinati nkhonoyo ikhale ndi maso ake, ine ndikufuna galimoto.

Pamene utomoni unkatsala pang'ono kutha m'chitini, zinatheka. Nditaswa chikombole, munatuluka galimoto yolimba gwa, yosalala, chilichonse chili m'malo mwake, ngakhale timitu ta misomali timene ndinadinda ndi kaudzu. Ndinamata matayala ndi kansanja kaja, mfuti yake ndinapangira sipoko ya njinga. Ukaiika padzuwa inkanyezimira, yachikasu ngati uchi wa m'malesa. Atsibweni anaitembenuza n'kupeza kuti tayala lakumbuyo lapendekera. Kunena kuti wachita bwino, ayi, mawu amenewo m'kamwa mwawo munalibe.

Chinatsala ndi penti. Mnzawo wa ku Mponela uja analonjeza kutumiza wotsala wa mtundu wa asilikali, koma masiku amenewo matola onse anali atabwerekedwa kukanyamula anthu opita kumisonkhano ya ndale. Penti sanabwere. Tsiku la zaluso litakwana, ndinakulunga galimoto yanga m'chitenje cha amayi n'kutsetsereka phiri kupita kusukulu, ndikudziuza kuti ngakhale yosapenta ikuposa mawaya a Lameki.

Nditaivundukula pakhonde, anyamata anaizungulira maso ali tong'o, ndipo zimenezo zinanditsekemera kwambiri. Koma ahedi atafika n'kuiona, nkhope yawo inasintha.

“Chachikasuchi n'cha ndani?”

“Ndi changa, sala.”

“Sichikhala pano. Ukufuna makolo anene kuti sukulu ino yalowa chipani? Galimoto yamfuti, yachikasu, mwezi uno? Ukufuna andisamutse?”

Amene sanaone chaka chimenecho sangamvetse. Mtundu uliwonse unali ndi eni ake. Chikasu chinali cha chipani china chatsopano, ndipo kwathu kumapiri anthu ambiri anali adakali kumbali ya chipani chakale. Munthu wovala malaya achikasu ankafunsidwa mafunso kuchigayo, ndipo tinkaseka kuti ngakhale nthochi yakupsa uyenera kudyera m'nyumba. Ndinayesa kufotokoza kuti utomoni umauma choncho, sindinasankhe ndine. Ahedi anati utomoniwo sudzakhalapo pamene makolo azidzafunsa.

A Zimba anandimvera chisoni, nati m'sitolo ya sukulu muli penti wobiriwira wotsala popenta zitseko. Apampando a komiti ya sukulu, amene anali atafika kale ndi jekete lawo, anati wobiriwira ayi, ena adzati sukulu ikukopera anthu chipani chakale. Wina anatchula wabuluu wa mazenera, anthu atatu anakana nthawi imodzi. Wakuda wa bolodi nawonso unapezeka kuti uli ndi mwini wake. Anthu akuluakulu, a ndevu zawo, anazungulira kagalimoto kotalika ngati chikhatho ndi theka, akukangana ngati akugawa munda wamasiye. Makolo anali atayamba kulowa pachipata. Pomaliza ahedi anagamula kuti ndiibise m'chitenje, ndikaione bwino kunyumba. Lameki anandiyang'ana n'kumwetulira.

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinanyamula galimoto yanga, misozi ili chuchuchu, n'kuzungulira kuseri kwa makalasi kumene makolo ankaumba njerwa za nyumba ya aphunzitsi. M'dzenjemo munali matope a katondo. Poyamba ndinkafuna kuiponyamo kuti zithe. M'malo mwake ndinaiviika yonse, ndinaipaka ndi manja onse awiri mwaukali, m'matayala, m'timazenera, pamwamba, mpaka chikasu chonse chinabisika. Ndinaiika padzuwa kanthawi, matope anayamba kuuma n'kuchita ming'alu, kenako ndinabwerera nayo pakhonde, yunifolomu ili matope okhaokha.

“Sala, nanga dothi ndi la chipani chanji?”

Mwana sankalankhula choncho kwa ahedi masiku amenewo, ndipo ndinkayembekeza chikoti. Iwo anayang'ana apampando, apampando anayang'ana kumwamba. A Zimba anakhosomola pobisa kuseka, nasuntha basi yamawaya ya Lameki pang'ono, n'kuika galimoto yanga kumapeto kwa tebulo la anyamata.

Ndinapambana nkhondo imeneyo, koma mtima sunakhale pansi, chifukwa ndinaona atsibweni akukwera masitepe a khonde, atavala malaya awo akutchalitchi. Munthu amene ankandibweza chifukwa cha theka la chala, ati chiyani poona ntchito yonse ija itamira m'matope? Ndinakonzeka kuwayankha mwano, ndipo mawu ake ndinali nditawasanja kale.

Anaima patsogolo pa galimotoyo nthawi yaitali. Kenako anavula chipewa.

“Wakuuza ndani kuti inkaoneka chonchi?”

“Palibe, atsibweni. Ahedi anakana chikasu.”

“Penti wake tinkamuona tsiku lochoka kukampu lokha. Masiku ena onse inali chonchi.” Anawerama, naloza ndi chala osaikhudza. “Ine ndinkakhala apa. Apa pambali panga a sajeni, munthu wokonda fodya wa phuno. Kumbuyo kuno anyamata awiri a ku Mulanje, osatha nthabwala. Pamwamba apa, pamfuti, Jemusi.”

Chala chinakhala pomwepo. Ndinafunsa kuti Jemusiyo kwawo n'kuti, ndipo ali kuti tsopano.

“Anatsala konko ku Mozambique,” anatero, navala chipewa chawo.

Mphoto ya tsikulo inapita kwa Lameki, ndipo kunena zoona basi yake inali yokongola, inali ndi magetsi a mababu a tochi. Oweruza anadutsa pa yanga n'kunena kuti mtsikanayu waumba bwino dongo, apitirize. Dongo! Masabata onse aja a utomoni, utsi, ndi mwanapiye womatidwa, iwo n'kuona dongo. Ndinafuna kuipala ndi chikhadabo kuti aone zili m'kati, koma ahedi anali chiimire pafupi, maso ali pa ine. Ndinabwerera kunyumba ndili fwaa ndi mkwiyo, ndikuponda mwamphamvu njira yonse yokwera phiri.

Titayandikira kumudzi, atsibweni anandiitana kuti ndiime. Anati, mwaulemu ngati akulankhula ndi munthu wamkulu, kodi ndingawabwereke galimotoyo ikakhale kunyumba kwawo? Ndinawapatsa msanga, poti inali itanditopetsa ngakhale kuiona. Ndinangoti ndiyambe ndaitsuka.

“Ayi, mphwanga. Usaitsuke.”

Papita zaka zambiri, atsibweni anatisiya kale, ndipo ndikamaganiza za theka la chala lija mtima umanyamukabe pang'ono. Koma tsopano ndikudziwa chimene chinkachitika pansi pa muwanga paja. Ine ndinkapanga galimoto yoti ndikatsekere Lameki pakamwa. Iwo anali ndi nkhani imene inkawakanika kutuluka pakamwa, ndipo njira yokha imene anapeza yoinenera inali kutalika kwa chitseko ndi kukula kwa tayala. Sakanalola kuti ndiphonye ngakhale pang'ono, chifukwa m'galimotomo munali anthu. Ndimaphunzira mochedwa ine, koma apa ndinaphunzira kuti wamkulu akamakakamira kanthu kooneka kachabechabe, ndi bwino kuyamba wafunsa kuti pamenepo pankakhala ndani.