Khutu Lamanzere la Atumani

Atumani anakulira kwa Mponda, m'nyumba ya telala. Asanakhale DJ ankaperekera zakudya pa loji ina ya ku Nkopola, ndipo n'komwe anakumana ndi mlendo wina wa ku Joni amene ankayenda ndi kamakina kosakanizira nyimbo. Mlendoyo ankaimba hausi ndi transi, nyimbo zopanda mawu ambiri, zongogunda n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka munthu kuiwala kuti waima. Atumani anaima ndi thireyi m'manja mpaka chipisi chinazizira. Kugundako kunamukumbutsa sikiri, gule wa Asilamu, mmene amuna akwawo amapumira pamodzi mpweya wawo n'kusanduka ng'oma. Pochoka, mlendoyo anamusiyira fulashi yodzaza nyimbo ndi mahedifoni othyoka mbali imodzi.

Chiyambi chinali chowawa. Pa kalabu ya m'tauni ya Mangochi pomwe anamulola kuyesa, anthu ankamukuwiza. "Nanga nyimboyi iyamba liti? Tiikire ya mawu, iwe!" Iye sanagonje. Anapita kumudzi kukajambula ng'oma za manganje pa foni, n'kumazilowetsa pansi pa kugunda kwa hausi. Anthu atamva ng'oma zawo zomwe mkati mwa zachilendozo, miyendo inayamba yokha. Posakhalitsa ankaitanidwa ku Monkey Bay, ku Liwonde, ngakhale ku maukwati a anthu olemera a ku Blantyre odzakwatirana kunyanja. Anakwatira Rahma, wogulitsa zitenje mumsika, ndipo anabereka mwana wamkazi, Awa.

Ntchito ya DJ ili m'makutu awiri. Lina limamvera nyimbo imene anthu akuvina, linalo, la m'hedifoni, limamvera imene ikubwera, ndipo dzanja limazigwirizanitsa kuti wovina asadziwe pomwe ina yathera. Atumani ankavala hedifoni kukhutu lamanzere, atakweza mpaka kumapeto kuti ipose masipika amene ankakhala pafupi ndi phewa lake.

Khutu limenelo ndi limene linayamba kulira. Poyamba kunali ngati nyenje, ndipo akagona inkasiya. Chaka china sinasiye. Ankadya nayo, ankasamba nayo, ali mumzikiti inali momwemo. Anayesa kudonthezera mafuta ofunda, anayesa kutokosa ndi nthenga, anagula mankhwala a m'botolo ku famase, koma palibe chinasintha. Sanauze munthu. Ankaopa kuti eni makalabu akamva, amusiya n'kutenga ena, poti a malaputopu anali atachuluka. Komanso ankaopa kutchula chinthucho, ngati kuti akachitchula ndiye chikhazikika.

M'mawa wina Rahma anamugwedeza.

"Bambo a Awa, simunamve azana ya kumzikiti?"

"Ndinatopa chabe," anatero Atumani.

Koma anadziwa chimene chinachitika. Anagonera khutu lamanja, ndipo lamanzere, limene linali pamwamba, silinamve kuitana kwa mzikiti wa kuseri kwa nyumba yawo. Tsiku lonselo ankangotseka khutu lamanja ndi chala n'kumamvera. Galimoto zodutsa zinkamveka ngati zili pansi pa madzi. Mawu a Awa ankamveka ngati ali kunyumba ya aneba.

Nthawi yomweyo a Allan, manijala wa loji imene ankagwirako kale, anamuitana. Kunali chikondwerero cha nyimbo pamchenga, alendo ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo anafuna kuti DJ wakomweko atsegulire masana. Atumani anavomera. Masiku otsatirawo sankadya bwino. Ankayeserera m'chipinda, ndipo nthawi zina nyimbo zinkagwirizana, nthawi zina ayi, koma choopsa chinali chakuti iye sankathanso kusiyanitsa.

Tsikulo dzuwa linaswa mtengo. Anthu anadzaza kutsogolo kwa nsanja yamatabwa, ena atavala zosambira, ena atanyamula mabotolo. Nyimbo yoyamba inayenda bwino. Atafika polowetsa yachiwiri, anakanikiza hedifoni kukhutu lamanzere ndipo anangomva nyenje ija ndi kugunda kwakutali. Anaganizira chabe, n'kukankha batani. Nyimbo ziwirizo zinagundana ngati misi ya amayi awiri osinja mumtondo umodzi osamvana. Ovina anaima. Wina anaimba mluzu wonyoza, ndipo mtsikana wina kutsogolo anatseka makutu akuseka.

Thukuta linamulowa m'maso. Anazimitsa nyimbo imodzi, n'kusamutsira hedifoni kukhutu lamanja. Tsopano ankamva yobwerayo, koma imene anthu ankavina inasowa. Atayang'ana pansi anaona botolo la madzi likunjenjemera pamatabwa. Anavula nsapato. Kugunda kwa masipika kunakwera m'mapazi mpaka m'mawondo, ndipo anagwirizanitsa zimene khutu linkamva ndi zimene mapazi ankamva. Sanayese zaluso zilizonse. Ankangosintha nyimbo mosamala ngati wowoloka mtsinje wa ng'ona, mtima uli m'mwamba pa kusintha kulikonse, mpaka nthawi yake inatha.

Atatsika, a Allan anamukokera kuseri kwa jenereta.

"Atumani, wayamba kumwa?"

Funsolo linamupweteka kuposa mluzu uja. Pa zaka zonse za m'makalabu sanalawepo mowa, ngakhale achibale ena ankamunena kuti amadya za kubala.

"Ayi, bwana. Khutu ili lafa."

A Allan anati, "Ndiye ukanafera pansanja osanena? Pita kuchipatala, m'bale wanga. Ntchito tidzakambirana."

Kunyumba anayamba kufotokoza mozungulira, koma Rahma anamudula.

"Ndikudziwa. Simunaone kuti masiku ano ndimayenda kudzanja lanu lamanja? Ndimadikira kuti munene nokha."

Anapita limodzi ku Blantyre, ku chipatala choona za makutu. Anamutsekera m'kachipinda kopanda phokoso, n'kumuuza kuti azikweza dzanja akamva kulira. Kudzera pagalasi ankaona dokotala akudina makina, iye osamva kanthu, Rahma atagwira chibwano. Dokotalayo, mayi wolankhula mosabisa, anati lamanzere silidzabwerera mwakale, ndipo lamanja nalo layamba kuwonongeka.

"Ndisiye ntchito?" anafunsa Atumani.

"Sindinganene kuti musiye, bambo. Koma mukapitiriza mmene mumachitiramu, mudzasiya musanafune."

Kalabu ya m'tauni anaisiya. Mwini wake sanadandaule, anapeza wina sabata yomweyo. Lero Atumani amaimba Loweruka masana pa loji ya a Allan, masipika atawalozetsa kutali, m'makutu ataikamo totseka tofewa timene anagula ku Blantyre. Masiku ena amathandiza Rahma kumsika, kupinda zitenje ndi kukambirana mitengo atapendeketsa mutu. Oyitanira kumaukwati achepa.

Dokotala anamuuza kuti azibwera kudzayezedwanso, ndipo ulendowo ukayandikira tulo timamuthawa. Akadzuka, asanalankhule ndi aliyense, amatikita zala ziwiri pafupi ndi khutu lamanja, n'kudikira kuti amve kukhulana kwa zalazo. Mpaka pano amakumva.