Bwalo Loyera la Amayi ku Kanyama

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala ku Kanyama m'nyumba ya zipinda ziwiri imene atate anamanga okha ndi njerwa zosawotcha. Inawatengera zaka zinayi, mzere umodzi lero, wina mwezi wamawa, malinga ndi ganyu amene apeza kutauni.

Kuseri kwathu kunali dambo la udzu wautali ndi mikuyu, kumene anthu ankadyetsako mbuzi ndi ng'ombe. Mvula ikagwa, madzi ankathamangira komweko n'kulowa pansi. Koma mitengo ija inathera m'makala, ziweto zinadya udzu mpaka kumizu n'kupondaponda dothi mpaka linauma gwa ngati simenti. Kenako anthu anagawana malowo n'kumangapo.

Nafenso pakhomo tinkachita zathu. Amayi ankadana ndi udzu koopsa, ati bwalo la mkazi waukhondo liziwala. M'mawa uliwonse ndinkasesa, Loweruka n'kupala ndi khasu kaudzu kalikonse kotulutsa mutu, dothi lonse n'kukataya kumsewu. Ndinkanyadira bwanji anthu akamayamikira!

Oyandikana nafe, ba Tembo, ankasiya kapinga ndi magwafa pabwalo pawo. Tsiku lina anandiitana n'kuloza pansi pa khoma lathu.

"Mwana iwe, ona maziko yaonekela. Dothi mwaisiliza na kupyanga. Manzi yakabwela yazankala pamene apa."

Nditawauza amayi kuti ba Tembo akuti kusesa kwathu kwatha dothi, anangoseka. "Ba Tembo ni aulesi chabe, basunga njoka. Iwe pyanga!"

Mu Febuluwale mvula inagwa masiku atatu osakata. Tsiku lachitatu masana madzi anatulukira kudambo kuja, ofiira, onunkha za m'zimbudzi, atasowa kolowera. Kwa ba Tembo anafikako n'kudutsa. Kwathu anakhazikika, poti bwalo lathu linali litasanduka beseni.

Mayo ine, tinalimbana nawo! Ine ndi amayi tinkatunga ndi ndowa n'kumataya kumsewu, madzi omwewo n'kubwereranso kumapazi athu. Atate anagwada m'matope akusanja matumba a mchenga m'mbali mwa khoma, koma akagwira njerwa ya pansi, zala zinkangolowa ngati m'phala. Amayi ankapemphera mokuwa, mawu mpaka kusasa. Manja anga anachita matuza, koma ndinkaopa kuima, ndinkaona ngati ndikangopuma nyumba igwa chifukwa cha ine.

"Chokani! Chokani uko!" anakuwa ba Tembo, akuwakoka atate malaya.

Khoma lakumbuyo linakhala pansi pang'onopang'ono, malata n'kutsatira. Atate anangoima m'madzi ofika m'mawondo, thumba la mchenga likadali m'manja. Ndinali ndisanawaonepo akulira, koma tsiku limenelo analira ngati mwana, ndipo ine ndinkalakalaka nthaka itandimeza.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndipo ndikumvetsa kuti mvula ija sinali yachilendo. Inali mvula yomwe ija ya chaka ndi chaka. Kungoti mizu imene inkamwa madziwo ndi kugwira dothi tinaichotsa tokha, ena ndi nkhwangwa, ena ndi ziweto, ine ndi tsache. Palibe amene anatilakwira, ndipo n'chimene chimandipweteka kwambiri. Tinasamukira m'kachipinda ka lendi ku Chawama, atate akuti ndi kwa miyezi yochepa chabe. Anamwalirira momwemo patapita zaka khumi ndi zisanu, asanaumbenso njerwa ngakhale imodzi.