Madzi a Pamjigo M'batire Yanga

Batire ya sola ija ndinaigula nditachapa zofunda za alendo ku Senga Bay chaka chathunthu. Wogulitsa anandichenjeza kuti madzi ake akatsika ndizithiramo a m'botolo okha, ogula kusitolo.

Koma ine ndikakhala kuntchito, alamu anga, akulu awo a bambo a kunyumba, ankathiramo a pamjigo, amchere aja amene ngakhale sopo amakana kuchita thovu. Ati madzi ndi madzi. Pasanathe miyezi inayi babu linkangofiira ngati khala.

Ndinaikweza pakabaza mpaka kwa mmisiri ku boma. Atadula chivundikiro, munatuluka fungo la mazira owola, ine mpaka kulavula. Anasolola mapuleti a mtovu amene amasunga moto, ndipo ankangoyoyoka m'manja mwake ngati chinangwa chofumbwa. Pansi panali matope okhaokha.

"Mayi, iyi sinafe ndi ukalamba," anatero mmisiriyo. "Mumaimwetsa chiyani?"

Nditabwerera ndinapeza alamu ali pakhonde, foni m'manja, akudikira kuti atchaje. Nditawauza kuti batire yafa, anapukusa mutu mwachisoni, n'kunena kuti zinthu za masiku ano n'zosalimba.