Kamtengo Kogwetsa Dala

Nditasiya yunivesite ku Newcastle ndinabwerera kwa amayi ku Wakefield n'kuwauza kuti ndikufuna kukhala woimba ng'oma. Amayi ndi nesi pachipatala, anthu osokonezeka amawaona tsiku lililonse, ndiye sanakalipe. Anangonena kuti andipatsa chilimwe chonse. Chikatha zoimbazo zisanaoneke mutu wake, ndikayamba ntchito kunyumba yosamalira okalamba kumene amagwira mnzawo wina wa kutchalitchi, amene tonse timangowatchula kuti anti.

"Malo alipo," anatero amayi. "Okalamba sakutha m'dziko muno."

Ng'oma ndinaphunzirira kutchalitchi. Mpingo wathu ulibe nyumba yakeyake. Timapemphera m'holo ya m'dera Lamlungu m'mawa, fungo la mowa wa phwando la dzulo lake likadalimo. Ndinayamba kuimbira kwaya ndili mwana, ndipo azimayi a kwaya sakhululuka. Ukaphonya kamodzi, mitu yonse imatembenuka. Ndiye ndinakula wosaphonya.

Lamlungu lina tikupinda mipando, panalowa mzungu wachikulire wa dazi, atabereka gitala ya bezi. Holoyo inali ya iye ndi anzake masana amenewo, ndipo anali atandimva ndikuimba ali pakhomo. Anati bandi yawo ikubwererana patapita zaka zambiri, koma wa ng'oma wawo anamwalira. Kodi ndingayeseko?

Ndinavomera asanamalize kufunsa.

Mbiri ya bandiyo ndinaimva mpaka kutopa nayo, ndiye ndiifupikitse. Anali anyamata anayi a konkuno, nthawi imene migodi ya malasha inkatsekedwa. Nyimbo zawo ankazitcha post-punk, kutanthauza anyamata okwiya amene zida sanaziphunzire bwino koma anawerengako mabuku. Anajambula chimbale chimodzi, chodandaula za ntchito, za boma ndi za mvula. Anthu sanachigule. Kenako wa maiki ndi wa gitala anamenyana m'vani, akulimbirana kuti nyimbo inayake analemba ndani, bandi n'kuthera pomwepo. Wa maiki, amene ankakuwa kuti sadzagwirira ntchito munthu aliyense, anakagulitsa makabati a m'khitchini moyo wake wonse. Wa gitala anakhala mphunzitsi mpaka kupuma. Wa bezi mpaka lero amanyamula katundu m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo zinthu zija za kunja kwa tauni. Chimbale chija chinagona pafumbi mpaka anthu a pa intaneti anachifukula n'kugamula kuti n'chopatulika, makamaka chifukwa choti ena onse sanachimvepo.

Kubwererana kwakenso kunali kwa pakamwa chabe. Wa maiki ndi wa gitala sankalankhulana. Wina akafuna kuuza mnzake kuti achepetse phokoso, amauza wa bezi, wa bezi n'kutembenuka kukapereka uthenga kwa munthu amene waumva kale.

Tsiku loyamba kuyeserera, ndinaimba nyimbo yoyamba mpaka kumapeto osaphonya. Wa maiki anakweza dzanja.

"Ukuimba bwino kwambiri, mnyamata."

"Zikomo."

"Sindikukuyamikira ayi."

Anandikhazika pansi n'kundiyatsira chimbale. Malemu uja ng'oma sankazitha. Amathamanga, n'kutsalira, n'kuthamanganso, ngati munthu wothamangira basi atanyamula matumba. Anandiuza kuti okonda bandiyo kuphonya kulikonse anakuloweza pamtima, ndiye ntchito yanga inali kuphonya malo omwewo, mofanana ndendende.

Chachikulu chinali m'nyimbo yomaliza. Pojambula, malemuyo anagwetsa kamtengo koimbira ng'oma. Kamamveka bwinobwino kakugunda chitsulo n'kugubuduka pansi, iye n'kupitiriza ndi dzanja limodzi mpaka nyimbo kutha. Wa bezi anandinong'oneza kuti m'chipindamo munkazizira ndipo munthuyo anali atamwa. Koma pa intaneti abambo ophunzira analemba nkhani zitalizitali, kuti kamtengo kakugwako ndi mafakitale a kumpoto akugwa. Aliyense wogula tikiti ankagula kuti adzaone kamtengo kakugwa.

Choncho chilimwe changa chinathera pophunzira kugwetsa kamtengo, abambo atatu a zidzukulu atandizungulira, akukangana ngati kagunde chitsulo kaye kapena kafike pansi kaye.

"Wagwetsa ngati ukudziwa kuti ugwetsa," anatero wa gitala.

"Ndikudziwadi."

"Usadziwe."

Ndinapirira. Kunja kwa holoyo kunali kundidikira matewera a okalamba ena, ndiye ndinati bola awa, amapita okha kuchimbudzi.

Amayi sindinawauze za kamtengo. Ukanawauza bwanji? Ndinangoti tili ndi konsati ku Middlesbrough, kenako ku Newcastle, ndipo zikayenda bwino tipita m'mizinda ina. Iwo anasinthana shifiti ndi mnzawo n'kunena kuti abwera kudzadzionera okha, ndipo atenga anti.

Konsati inali masana. Anthu oukira boma amenewa ankafuna kukafika kwawo kusanade, amwe mankhwala. Holo inadzaza ndi madazi ndi majekete achikopa osatsekeka pamimba. Tisanayambe, bambo wina anandigwira paphewa n'kundifunsa ngati ndikumvetsa kulemera kwa mpando umene ndikukakhalapo. Ndinati ndaunyamula ndekha kuchokera m'vani, si wolemera. Sanaseke.

Amayi ndi anti analowa atavala ngati akupita ku ukwati, duku ndi zonse. Azungu, ndi ulemu wawo wamantha uja, anapatuka mpaka azimayi awiriwo anapezeka kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi siteji yofika m'mawondo.

Ndinaphonya monse mmene anandiphunzitsira. Ndikathamanga, anthu ankakuwa. Ndikatsalira, ankakuwa. Nkhope ya amayi inali ya munthu amene akuona mwana wake akumira. Anti ankayesa kundithandiza powomba m'manja pa nthawi yoyenera, akundiyang'anitsitsa ngati tili kukwaya.

Nyimbo yomaliza inafika. Wa maiki anatembenuka n'kundigwedezera mutu. Holo yonse inakweza mafoni. Ndinatsegula zala, kamtengo kanagunda chitsulo, kanagubuduka pasiteji, n'kukagwera pamapazi pa amayi.

Amayi anawerama n'kukatola. Anakwera pasiteji, kachikwama kali m'khwapa, anadutsa pakati pa wa maiki ndi wa bezi ngati akudutsa m'wodi, n'kudzaima patsogolo pa ng'oma.

"Gwira bwino, iwe. Anthu akukuona."

Ine ndinali ndikumenya ndi dzanja limodzi monga mwa dongosolo. Koma kwathu wamkulu akakupatsa chinthu umalandira ndi manja awiri, ndipo makutu anga anakokedwapo kokwanira pa nkhani imeneyi ndili mwana. Sindinaganize n'komwe. Ndinaika kamtengo kena kaja pang'oma, n'kutambasula manja onse, mutu utawerama pang'ono.

Ng'oma zinasiya. Bezi inapitirira pang'ono yokha n'kufa. Gitala inalira ngati mphaka wopondedwa mchira, n'kukhala chete. Mu bata limenelo munamveka mawu a anti:

"Eya, ulemu ulipobe."

Kenako holo inaphulika. Abambo akuluakulu anakumbatirana, wina akupukuta misozi ndi jekete. Amayi anatsika, anawongola duku, n'kubwerera pamalo pawo.

Titamaliza tinalowa m'kachipinda kosungiramo mipando, kamene ankakatcha kovalira. Ndinkayembekezera kuchotsedwa. Wa maiki analowa thukuta lili kamukamu, anandidutsa, n'kupita kwa amayi.

"Mayi, mwatipulumutsa. Izi ndiye zenizeni! Loweruka tili ku Newcastle. Mubwere mudzachitenso chimodzimodzi."

Amayi Chingelezi amachidziwa kuposa iye, koma anatembenukira kwa ine n'kufunsa m'Chichewa.

"Akuti chiyani bambowa?"

"Akuti mupite ku Newcastle mukatolenso kamtengo."

"Ukagwetsanso?"

"Timagwetsa dala, amayi. Zonse zija ndimaphonya dala. Ndi zimene ananditengera."



"Ine ndimati manja akunjenjemera ndi mantha," anatero amayi. "Ndakhala ndikukupempherera kuyambira nyimbo yoyamba. Kani ndi ntchito."

Kwa wa maiki anayankha mwaulemu, ndi mawu awo a kuchipatala, kuti Loweruka ali pa shifiti. Iye anayang'ana anti. Anti anagwira msana n'kupukusa mutu.

Ndiye anandikokera pambali. Anati kanema wa amayi akutola kamtengo wafalikira kale pa intaneti, anthu a ku Newcastle adzayembekezera zimenezi, ndipo popanda izo konsati idzaoneka yoperewera. Kodi kutchalitchi kwathu kulibe mayi wina? Aliyense, bola avale duku. Tiyeserera naye mkati mwa sabata. Ndipo ine ndikumbukire kuweramitsa mutu ngati mmene ndinachitira, chifukwa pamenepo ndi pamene panakoma.

Kuphonya kwa malemu ndinakuloweza chilimwe chonse. Anali munthu wawo, achite naye zimene akufuna. Koma apa ankafuna kuti ndiwabweretsere amayi anga ena oyeserera, ndiwagwadire Loweruka lililonse pamaso pa madazi. Ndinamutukwana, n'kumuuza kumene angakalowetse timitengo take, m'Chingelezi cha m'misewu ya Wakefield chimene amayi sankadziwa kuti ndimachitha. Iye anamva. Amayinso anamva.

M'basi yobwerera amayi anangoyang'ana pawindo. Anti ndi amene ankalankhula: ndipeze nsapato zakuda zosaterera, ndimete, ndipo ndisafike mochedwa Lolemba chifukwa bwana wa kunyumba ya okalamba ndi wovuta.

Kanema wa ku Newcastle ndinamuonera pafoni nthawi yopuma, m'khitchini ya kunyumba ya okalamba. Pang'oma anapeza mnyamata wina wa ku Leeds. Kamtengo katagwa, mkazi wake wa bambo wa gitala anakwera pasiteji atamanga mpango kumutu, n'kukatola. Mnyamatayo analandira ndi dzanja limodzi, akuseka, ndipo anthu anakuwa mmene anakuwira ku Middlesbrough. Ndinazimitsa foni n'kunyamula tiyi wa agogo a m'chipinda chakumapeto asanazizire.